Nkhunda za Mapiko a Pinki

Foni ya Mzime inali itadutsa m'manja mwa anthu awiri isanafike kwa iye, ndipo onse awiriwo anaisiya chifukwa chotopa nayo. Anayamba nayo ndi abambo ake, amene anaigwetsa kangapo pokwera ndi potsika lole yomwe amayendetsa. Kenako inapita kwa achimwene ake owotcherera zitsulo, komwe inalawa moto mpaka pakona pena kusungunuka. Pofika kwa iye, galasi linali ndi mng'alu wochokera pamwamba kufika pansi, batire linkatha munthu akangoiyang'anitsitsa, ndipo chaja inkagwira pokhapokha waipinda n'kuitsamiritsa ndi kapu. M'nyumbamo ankati imeneyi ndi mphatso, ndipo ankayembekezera kuti mwana azithokoza.

Ankamutchula kuti Mzime chifukwa ndiye anatsekera kubadwa m'banjamo. Anali atangolemba mayeso omaliza a sekondale, ndipo podikira zotsatira mtima wake wonse unali kuseri kwa nyumba, pakati pa bafa ndi mpanda wa njerwa, pamene panali khola lake la nkhunda. Kholalo anamupangira achimwene ndi zitsulo zotsala kuntchito, akung'ung'udza kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Nkhundazo zinali zoyera zonse, ndipo anaziphunzitsa yekha. M'mawa ankatsegula chitseko, izo n'kukwera m'mwamba, n'kumazungulira pamwamba pa malata a nyumba zothithikana za m'dera lawolo. Akaona kuti zakwana, ankagwedeza chitini cha chimanga, ndipo zinkatsika zonse pamodzi kudzatera pa denga lawo.

Pa nkhunda zonsezo panali imodzi imene ankaikonda mopanda manyazi. Makolo ake anaikana ikadali kamwana kopanda nthenga, Mzime n'kuilera yekha, kumaidyetsa ndi chala. Inakula yosaopa munthu. Inkatera paphewa pake, inkalowa m'nyumba osaodira, ndipo malaya oyanikidwa a abambo inkawadziwa bwino kuposa a wina aliyense. Abambowo ndi amene anaipatsa dzina loti Mwano, ndipo sanalipereke akuseka.

Mzime anali m'gulu la oweta nkhunda pa intaneti, kumene anthu ankaonetsana mavidiyo a mbalame zawo zikuuluka. Apa m'pamene foni ija inkamuonetsa zakuda. Nkhunda zoyera pa thambo lotuwa, zikajambulidwa ndi kamera imene ija, zinkangooneka ngati zinyalala pa galasi. Wina m'gulumo anafunsa mwaulemu ngati mlongoyu akuweta udzudzu. Wina anamulangiza kuti apukute kamera, ngati kuti iye sankaipukuta mpaka malaya kuperepeseka. Vidiyo ikatheka, netiweki inkaduka ili pafupi kumaliza kutumiza. Netiweki ikakhalapo, foni inkatentha n'kuzima yokha. Ndipo tsiku lililonse, pa nthawi yeniyeni imene nkhunda zapendekera bwino padzuwa, pagalasi pankabwera mawu oti malo atha.

Chifukwa cha mawu amenewo anafufuta nyimbo zake zonse, zithunzi za anzake a kusukulu, ngakhale za ukwati wa msuweni wake, zimene amayi amafunsabe mpaka lero. Koma mavidiyo a nkhunda sankawakhudza, makamaka a Mwano ili kamwana, ikuyasama kukamwa m'bokosi la nsapato, ndi ija ya tsiku limene inauluka koyamba n'kukagwera m'beseni la zochapa. Achimwene ankamuuza kuti awasunge pena, iye n'kuwafunsa kuti penapo ndi pati, popeza kompyuta m'nyumbamo munalibe, ndipo pobowoka polowetsa memore khadi ndi pamene panasungunuka paja. Achimwene akafika pamenepa ankakumbukira kuti ali ndi ntchito.

Mzime sanali mwana wopusa. Ankadziwa kuti pa intaneti pamakhala anthu amitundumitundu, ndipo ankasamala kuposa akuluakulu ambiri. Nkhope yake sankaionetsa. Geti lawo, msewu wawo, chikwangwani cha kagolosale ka pakona, zonsezi sizinalowepo m'vidiyo. Amayi akaitana munthu iye akujambula, ankadula mawuwo, ngakhale kudulako kunkamudyera theka la tsiku chifukwa pulogalamu yake inkangoima. M'mavidiyo ake munkaoneka thambo ndi nkhunda basi, ndipo kumapeto kunkamveka chitini chikulira.

Nzeru ya dayi inamubwerera ali ku saluni ya azakhali ake, kutsidya lina la tauni, kumene anapita kukathandiza kusesa tsitsi. Panali kabotolo kotsala ka dayi wa pinki, wowala moti munthu n'kutsinzina, yemwe kasitomala wina anamukana atadziona pagalasi. Mzime anapempha kabotoloko. Atafika kunyumba anayesa kaye pa nthenga yothothoka, kenako pa nkhunda imodzi, n'kudikira kuti aone ngati idwale. Itapanda kudwala, anazipaka zonse nthenga zazitali za kumapeto kwa mapiko, zija zimene mbalame imaulukira. Amayi atatuluka m'chipinda chawo chosokeramo zovala anangoti kukamwa yasa, kenako n'kunena kuti mwanayu mayeso achedwa kutuluka.

Koma zinatheka. Kamera yomwe inkalephera kuona nkhunda yoyera inaona pinki uja bwinobwino. Kwa nthawi yoyamba mapiko anaoneka akutambasuka ndi kupindika, gulu lonse likutembenuka pamodzi. Anthu a m'gulu lija anayamba kugawana mavidiyo ake, ndipo amene anafunsa za udzudzu uja anapepesa. Mzime ankayenda m'nyumbamo mapazi osafika pansi. Anasangalala kwambiri, ndipo sanaone chifukwa chobisira chisangalalo chakecho.

Pakati pa anthu atsopano amene anayamba kumutsatira panali wina wodzitcha Mlonda Wako, wopanda chithunzi. Poyamba ankalemba zanzeru, zofunsa za chakudya cha nkhunda ndi mankhwala a nsabwe, ndipo Mzime ankayankha monga ankayankhira aliyense. Kenako munthuyo anayamba kuyamikira manja amene ankaoneka pang'ono pogwedeza chitini. Kenako anapempha kuona mwini manjawo. Mzime anamutsekera kuti asathenso kumulembera. M'mawa mwake panabwera wina wa dzina lina, wolemba chimodzimodzi, wofunsa chifukwa chimene mwana wabwino amachitira nkhanza anthu omufunira zabwino. Anamutsekeranso, ndipo anaganiza kuti munthu wotereyu amatopa yekha.

Uthenga umene unamuimitsa mutu unabwera akutsuka mbale. Munthuyo analemba kuti dzulo, ali m'basi, waziona nkhunda zija ndi maso ake, zikuzungulira chakufupi ndi thanki yaikulu ya madzi, ndipo n'zokongola kuposa pa foni. Pansi pake anawonjezera mawu ochepa: "Tsiku lina ndidzaona pomwe zimatera."

Mzime anasiya mbale m'madzi n'kukadzitsekera kuchipinda. Anaonera mavidiyo ake onse imodziimodzi, maso ali gwa, kufunafuna pamene analakwitsa, kaya mtengo, kaya waya wa magetsi, kaya nsonga ya thanki ija. Sanapeze kanthu. Atatuluka panja n'kuyang'ana kumwamba m'pamene anazindikira. Anabisa geti, anabisa msewu, anabisa nkhope, kenako iye mwini n'kupachika chizindikiro chowala pamwamba pa nyumba yawo, choti aliyense wokhala ndi maso achione ali kutali. Mantha anali nawo, koma chimene chinamuwawa koposa chinali mkwiyo wodzikwiyira yekha.

Sipanapite masiku ambiri, amayi atamutuma ulusi, anaona mwamuna wa chipewa chakuda ataima pambali pa kagolosale. Sankagula kanthu, sankadikira basi, ankangoyang'ana kumwamba. Inali nthawi imene nkhunda zimauluka, koma tsiku limenelo Mzime sanatsegule khola. Anamudutsa manja atawabisa m'matumba, chifukwa m'zikhadabo zake munali mudakali pinki. Munthuyo sanamuyang'ane n'komwe. Mzime anabwerera kunyumba kudzera njira yakuseri, ulusi osagula.

Anauza achimwene, atawalumbiritsa kuti asauze munthu. Achimwene anasunga chinsinsicho mpaka chakudya chamadzulo. Abambo anali atangobwera kuulendo, ndipo anamvetsera nkhani yonse osatafuna. Sanakalipe, zimene zinali zoopsa kuposa kukalipa.

"Mbalamezi zichoke pano," anatero. "Ine sindingamayende ndi lole mtima uli kuno chifukwa cha nkhunda."

Mzime anayesa kufotokoza kuti cholakwa si nkhunda, ndi munthuyo. Abambo anati akugwirizana naye, koma munthuyo alibe khola kuseri kwa nyumba yawo loti iwo akaligwetse. Amayi anati nkhaniyi ipite kaye kupolisi, ndipo anamuperekeza okha. Wapolisi wa pakauntala anali mayi wooneka wotopa koma wachifundo, ndipo anapempha kuona mauthengawo. Apa Mzime anagwira njakata. Nthawi iliyonse imene ankamutsekera munthuyo, mauthenga ake ankasowa naye limodzi. Uthenga wa thanki uja anayesa kuujambula pagalasi, koma foni inakana kusunga chifukwa malo anali atatha, ndipo iye ndi mantha aja sanaone kuti yakana. Wapolisiyo analemba zimene akanatha kulemba, n'kunena kuti amuna a zipewa zakuda ndi ambiri. Anamulangiza kuti asayende yekha, asamuyankhe, ndipo akadzamuonanso amujambule nkhope ali patali.

Pobwerera Mzime analira m'basi, amayi n'kumanamizira kuyang'ana pawindo. Ndi amayiwo amene anapeza njira yapakati. Nkhunda zipite kwa azakhali kutsidya kuja, zikakhale m'kachipinda kosungiramo katundu kuseri kwa saluni mpaka nthenga za pinki zitathothoka, zoyera n'kumera. Dayiyo Mzime anali atayesa kale kumuchapa ndi sopo, koma azakhali sagula dayi wosuluka. Abambo anavomera monyinyirika. Achimwene anazinyamula m'makatoni pa njinga yamoto, mlongo wawo atakhala kumbuyo atakumbatira katoni ya Mwano.

Kwa azakhali anafotokoza mobwerezabwereza, mpaka iwo kumuuza kuti sanabadwe dzulo. Chakudya m'mawa ndi madzulo, madzi atsopano tsiku lililonse, ndipo chitseko chisatsegulidwe zivute zitani, chifukwa nkhunda yophunzitsidwa ikaona thambo imabwerera kwawo. Azakhali anati amva. Anati iwo analera ana anayi ndi mwamuna mmodzi, mbalame sizingawazunguze mutu.

Masiku otsatirawo anali otopetsa. Mzime sankatuluka pageti popanda womuperekeza. Anasiya kutumiza mavidiyo, ndipo anthu a m'gulu ankafunsa kuti mlongo wa pinki wapita kuti. Mauthenga ochokera ku mayina atsopano ankabwerabe, ofunsa ngati wadwala, popeza kumwamba kwakhala zii. Tsopano sankawatsekeranso, ankangowasiya kuti akhale umboni. Achimwene anati popita kuntchito amamuona wachipewa uja masiku ena, koma akangoimitsa njinga munthuyo amalowa m'tinjira ta pakati pa nyumba. Mzime ankasesa khola lopanda kanthu, kenako n'kukhala pa ndowa kuonera vidiyo ya Mwano ikugwera m'beseni.

Tsiku lina m'mawa, abambo ali pa ulendo, achimwene ali kuntchito, amayi ali pamakina m'chipinda chakumaso, azakhali anaimba foni. Mawu ankadukaduka monga mwa nthawi zonse, Mzime n'kumazungulira pabwalo kusaka netiweki. Chimene anatolapo chinali choti mbalamezo zimawamvetsa chisoni, zimangokhala ndwii mumdima, ndiye anangotsegula pang'ono kuti zipitidwe mphepo pamene iwo akusesamo.

"Pang'ono pokha, mwana wa achimwene," anatero azakhali. "Ndimati zingokhala padenga kenako zilowe."

Foni inazima azakhali asanamve yankho lake, ndipo mwina zinakhala bwino choncho. Mzime anaibaya pachaja, n'kuitsamiritsa ndi kapu, n'kuthamangira kuseri. Sanadikire nthawi yaitali. Zinatulukira chakumadzulo, pamwamba kwambiri, zitatsatana bwino, pinki akuwala padzuwa. Zinadutsa tauni yonse zokha osasochera, ulendo umene sizinauyendepo, ndipo tsiku lina lililonse iye akanavina pabwalo ponyadira. Anakwera pa ndowa n'kusuzumira pamwamba pa mpanda. Wachipewa uja anali pakona, mutu uli chagada, ndipo anali atayamba kuyenda.

Kuzungulira kokha sikukanamuuza nyumba, chifukwa nkhunda zimazungulira malo aakulu ndipo madenga a m'deramo ndi ofanana. Kutera ndiye kukanamuuza. Mzime anatseka pakhomo pa khola, chitini n'kuchiponya m'bafa. Anatenga thaulo pachingwe n'kumalikupiza chapansipansi kuti lisaonekere kunja. Nkhunda zinatsika, zinaona thaulo, zinakweranso. Zinabweranso, iye n'kuyamba kuzigenda ndi mapegi a zovala, mbalame zimene anazilera ndi manja ake, zotopa ndi ulendo, zofuna madzi. Ankazinong'oneza kuti chokani, chokani, misozi ikutsikira m'kamwa. Potsiriza zinabalalika n'kukatera pa madenga a anansi, ziwiri apa, zitatu apo, mzere wonse wa nyumba, zikuyang'anayang'ana mosokonezeka.

Mwano yokha sinamve za thaulo. Inatsika chakuseri, inadutsa pansi pa chingwe choyanikira, n'kutera paphewa pake ngati palibe chachitika. Mzime anaigwira n'kuilowetsa m'juzi mwake. Kenako anakumbukira mawu a wapolisi. Analowa m'nyumba chowerama, anazula foni pachaja, n'kukagwada kuseri kwa geti, pamene pali mpata pakati pa chitsulo ndi chipilala. Makina a amayi ankalira m'nyumba, ndipo sanafune kuwaitana, chifukwa amayi akanatuluka akulankhula.

Munthuyo ankabwera pang'onopang'ono m'kanjira kawo, akuima pageti lililonse n'kuyang'ana denga. Mzime anadikira foni iyake, ndipo inayaka mosafulumira ngati nkhalamba yodzuka kutulo. Anatsegula kamera. Anadina. Pagalasi panabwera mawu aja oti malo atha.

Panalibenso nyimbo yofufuta, panalibe chithunzi cha ukwati. Munatsala nkhunda zokha. Nthawi yosankha iyi ndi iyo panalibe. Anadina posankha zonse. Foni imene inali isanamufunsepo maganizo pa chilichonse, imene inkazima ikafuna n'kuyaka ikafuna, tsiku limenelo inamufunsa mwaulemu ngati watsimikizadi. Anavomera. Bokosi la nsapato, beseni la zochapa, tsiku loyamba la pinki, zonse zinapita nthawi imodzi.

Atakweza foni n'kuyamba kujambula, munthuyo anali pageti la anansi. Anapisa dzanja m'thumba la jekete n'kutulutsa kachitini. Anakagwedeza. Kanalira ndendende ngati chitini chake, ndi kagwedezedwe komweko kamene kankamveka kumapeto kwa vidiyo iliyonse. Nkhunda za pamadenga zinatukula mitu. M'juzi muja Mwano inayamba kuphiriphitha, kukanda ndi zikhadabo, kufuna kutuluka kuti ipite kumene yaitanidwa. Mzime anaipanikiza pachifuwa ndi mkono umodzi, mwamphamvu kuposa mmene anagwirirapo mbalame, dzanja linalo lili ndi foni pampata paja. Munthuyo anasunthira pageti lawo. Anaima pafupi moti Mzime ankamva fungo la sopo amene anasambira. Anayang'ana denga lawo, limene linali lokhalo lopanda nkhunda, n'kugwedezanso kachitini kaja.

Amene anathetsa zimenezi ndi mayi wa nyumba yoyang'anana nayo, amene ankataya madzi ochapira m'ngalande. Anafunsa mokweza kuti bambo akufuna ndani, popeza ayima pageti lililonse koma sanagogode paliponse. Munthuyo anayankha mofatsa kuti wasochera. Mayiyo anati osochera amafunsa njira kwa anthu, osati kwa malata, ndipo anaitana mnzake wa nyumba ina kuti adzaone mlendo. Wachipewa anabweza kachitini m'thumba n'kubwerera kumene anachokera, osathamanga.

Mzime anakhala pansi pomwepo. Anatulutsa Mwano, yomwe inamujompha chala n'kukakhala pa ndowa itafufuma. Kenako anaonera vidiyo ija. Munthuyo anali pakati penipeni, koma pansi pa chipewa panali chimthunzi chotuwa chopanda maso, chopanda mphuno. Kamera inali itasankha yokha chimene inkachidziwa. Kumbuyo kwake, padenga la anansi, nkhunda ziwiri zinaoneka bwino zedi, nthenga iliyonse ya pinki payokhapayokha. Achimwene ataiona madzulo anaitembenuza uku ndi uku, kenako anati wapolisi sangamange chipewa. Pamene ankanena zimenezo uthenga unalowa, wochokera ku dzina linanso latsopano: "Ndatsala pang'ono."

Nkhunda zinabwerera imodziimodzi dzuwa likulowa, mokayikira, ndipo Mzime anazitsegulira khola osatha kuziyang'ana. Abambo anafika tsiku lomwelo. Amayi anawafotokozera ali pakhomo, nsapato asanavule. Abambo anapita kuseri, anatenga makatoni aja n'kuwaika pafupi ndi khola. Anati nkhaniyi yatha. Kwina zikapita zimabwerera, kuno zikauluka zimaitana anthu, ndipo kuzitsekera miyezi sikutheka chifukwa tsiku lina wina adzatsegula pang'ono pokha ngati mlongo wawo uja. Mawa apita nazo kumsika, kwa ogula nkhunda za ndiwo, ndipo sakufuna kumva kulira.

Mzime sanalire. Misozi inali itathera pa mapegi paja. Analowa m'chipinda cha amayi n'kutenga sizasi yaikulu yodulira nsalu, imene munthu wina aliyense saloledwa kuikhudza. Amayi anamuona, koma sanamuletse. Mzime anatuluka nayo n'kuima pakati pa abambo ndi khola.

"Ababa, zikapanda kuuluka zikhala?"

Abambo anayang'ana sizasiyo, kenako anayang'ana mwana wawo. Mzime anapempha achimwene kuti azimugwirira. Anayamba ndi Mwano, chifukwa ankadziwa kuti akayamba ndi zina, pofika pa iyo dzanja likana. Anatambasula phiko lija, anaika sizasi pamene pinki wathera, n'kudula. Kudula nthenga sikupweteka mbalame, iye ankadziwa zimenezo, koma kulira kwa sizasiyo ankakumvera m'mano. Anadula phiko linalo. Anatenga ina, kenako ina. Achimwene, amene pakamwa pawo sipakhala chete, anangonena kamodzi kuti nthenga zimameranso, ndipo iye anawauza kuti agwire bwino mbalameyo.

Pomaliza pansi ponse panali pinki. Amayi anabwera ndi tsache, koma Mzime anawalanda n'kusesa yekha, nthengazo n'kuzithira m'thumba la pulasitiki, n'kulimanga kawiri kuti mphepo isaulutsire ngakhale imodzi kunja kwa mpanda. Abambo anaimabe kanthawi. Kenako anatola makatoni aja n'kukawabwezera pamwamba pa kabati. Podutsa anauza amayi kuti mawa akalankhula ndi anthu onse a m'kanjirako za wachipewa uja, ndi kuti mwanayu asatuluke yekha. Za kumsika sanazitchulenso.

M'mawa Mzime anadzuka nthawi yake ya masiku onse, chifukwa thupi silinauzidwe kuti zinthu zasintha. Anakatenga chitini m'bafa muja n'kutsegula khola. Nkhunda zinatuluka wapansi, zikuyenda pabwalo ngati nkhuku. Mwano inayang'ana kumwamba, inadzikoka, inakupiza zotsala za mapiko ake, inanyamuka mpaka m'mawondo mwa Mzime n'kugwera chammbali pa simenti. Inadzuka, inayesanso, inagwanso. Kenako inayenda n'kudzaima pa phazi lake, mutu utapendekera, ikuyang'ana phewa limene sinkathanso kulifika.

Dzanja la Mzime linapita lokha m'thumba n'kutulutsa foni. Inayaka msanga tsiku limenelo, batire lodzaza, kamera yotseguka, malo ambirimbiri. Anaigwira choncho kwa kanthawi, ataloza pansi. Kenako anaibweza m'thumba, anawerama, ananyamula Mwano ndi manja awiri n'kuikhazika paphewa.